Thumba la a Felizardo

"Ndati thumba limenelo silidzakhala pamphasa ya alendo. Mundimvetse, achimwene."

Lucrécia adalankhula ataima pakhomo pa mlongo wake, manja ali m'chiuno. A Felizardo adali pakampando kawo akusankha mbewu ya mbatata ya kachewere. Chubu chachikasu chidatulukira kumwendo kwa buluku lawo n'kukalowa m'thumba lapulasitiki, lomwe adalikoloweka pamsomali m'munsi mwa mpandowo. Mkodzo udali utafika pakati pa thumbalo.

"Ndamva," adatero a Felizardo.

"Mwamva, ndiye mwati bwanji?"

"Ndidzakhalapo."

"Ha! Mudzakhalapo! Anthu amenewa akuchokera ku Chidzolomondo, achimwene. Ali ndi zigafa za fodya, ali ndi galimoto. Mnyamatayo, Dércio, ndi mphunzitsi. Ayende ulendo wonsewo kudzafunsira mwana wanga Anabela, n'kudzapeza mwini mbumba akudontha mkodzo pambali pa mbale zawo? Bongololo sadzolera mafuta pagulu."

"Sindine bongololo."

Tiago, mwana wamwamuna wa Lucrécia, adali pansi pa mtengo wa pichesi akumanga paipi yothiririra kudimba ndi mphira za chubu cha njinga. Adaseka osadzutsa mutu.

"Amalume, musazitenge moipa. Amayi akunena za fungo."

"Ine ndimasamba kawiri patsiku. Iwe kangati?"

"Aa, amalume!"

"Musamuzunguze mwanayo," adatero Lucrécia. "Palibe amene akukana kuti Anabela munamulera ndinu. Atate ake atapita ku Beira osabwerako, munamunyamula paphewa ndinu, mudzi wonse ukudziwa. Koma chinkhoswe ndi tsiku limodzi. A Wyson alipo. Nawonso ndi amalume ake, mwana wa amayi aang'ono. Ali ndi sitolo kuvila, kutauni kuja, amadziwa kulankhula ndi anthu ophunzira. Akhale pamphasa ndi iwowo, alandire tambala, inu mupume."

"Wyson akudziwa kuti mwanayu anabadwa mwezi uti?"

"Alendo sadzafunsa za miyezi."

"Banja likadzavuta, adzathamangira kwa yani? Kusitolo?"

"Zimenezo n'zam'tsogolo. Akadakhala moyo alamu anga a Catarina, akazi anu aja, bwenzi akukuuzani zomwezi."

A Felizardo adaika mbatata pansi.

"Usamutchule."

Lucrécia adayambanso motsitsa mawu.

"Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndikukutetezani kuti anthu asakusekeni."

"Matenda sanandifunse. Amene akufuna kuseka aseke. Ndidzakhalapo."

Adatola thumba lawo, kuligwira m'munsi mwa chiuno monga adawaphunzitsira kuchipatala, n'kupita kuchimbudzi kukalikhuthula. Lucrécia adawayang'ana kumsana, kenaka adayang'ana Tiago. Chinkhoswe chidali chitatsala masabata atatu.

Lachiwiri lotsatira lidali tsiku losintha chubu. Tiago adawatengera kuvila ya Tsangano pamota, njinga yamoto, kudakali nkhungu, mphepo ikuluma makutu. Adawatsitsa pachipatala iye n'kupita kumsika.

Namwino wawo adali a Jordão, bambo wamfupi wokonda nthabwala. Ndi omwewo adawaika chubu choyamba miyezi iwiri yapitayo, tsiku lomwe mkodzo udatsekeka, a Felizardo atafika akubuula ngati ng'ombe.

"Mwabwera tsiku lake, madala. Akadakhala onse ngati inu! Ena amabwera patapita miyezi itatu, chubu chitauma ngati mtsitsi. Gonani apa."

A Jordão adasamba m'manja, kuvala magolovesi. Adatenga jakisoni wopanda singano n'kukoka madzi pa kanthambi ka chubucho.

"Mukukumbuka? M'katimo muli kabaluni ka madzi, ndi kamene kamagwira kuti chisatuluke. Munthu akangochikoka asanaphwetse kameneka, amang'amba njira. Pumani kwambiri."

Chakalecho chidatuluka. Adawatsuka ndi mankhwala ozizira, kupaka mafuta oterera pa chatsopano, n'kuchilowetsa pang'onopang'ono. A Felizardo adaluma mano, maso ali kudenga. Mkodzo utaoneka m'chubu, a Jordão adadzaza kabaluni kaja, kulumikiza thumba latsopano, n'kumata chubucho pantchafu ndi pulasitala.

"Basi. Mwezi wamawa tsiku ngati lomweli. Achipatala cha ku Tete sanayankhebe, dzina lanu likadali pamzere wa operasawo."

A Felizardo adakhala tsonga, akumanga lamba.

"Palibe china chosaoneka?"

"Chosaoneka bwanji?"

"Ndili ndi chinkhoswe."

"Mukukwatira, madala? Parabenzi, zabwino zonse!"

"Mdzukulu wa amayi anga. Mwana wa mlongo wanga."

A Jordão adasiya kuseka, adakhala pampando.

"Zilipo zamitundu. Ichi chachikasu n'cha mphira, mwezi umodzi chatha ntchito. Chilipo choyera cha silikoni, chimafika miyezi itatu. Ena amawaboola m'munsi mwa mchombo, chubu n'kulowera pamenepo. Koma zonsezo zimafuna thumba. Kalipo kathumba kakang'ono komangirira pamwendo, kobisika m'buluku. Kameneko ndiye kakanakuthandizani, koma kuno sikanafikepo chaka chino."

"Nanga kumanga? Tsiku limodzi."

"Kumanga ndi chiyani?"

"Mphira."

"Madala, madzi a mumtsinje mukawatchinga amapita kuti? Amabwerera kumtunda. Mkodzo ukasowa njira umabwerera ku impso, ndipo umapita ndi tizilombo. Ndipo mukachotsa thumba, kukamwa kwa chubu kwatseguka, dothi lalowa. Malamulo ndi omwe aja. Thumba likhale m'munsi, lisagone pansi. Chubu chisapindike. Osalekanitsa. Sopo ndi madzi tsiku lililonse. Ndipo imwani madzi ambiri, ngakhale kukuzizira. Alendowo akaona thumba, aone. Nawonso ali ndi chikhodzodzo."

A Felizardo adagwedeza mutu.

"Ndamva."

Patatsala masiku anayi, Anabela adafika kunyumba kwa amalume ake chakumasana, atanyamula kazako wakuda, wochapa ndi wosita. Adagwada pakhomo.

"Odi, amalume. Ndabweretsa jekete lanu lija. Ndasokereranso batani."

"Wachita bwino."

"Tayesani, ndione."

Adavala. Lidali litakula, chifukwa matenda adawadya thupi. Anabela adawakonza kolala.

"Mwakhala ngati bwana administradoro wa kuboma."

"Wosauka."

Adaseka onse awiri. Kenaka mtsikanayo adagwadanso, maso pansi.

"Amayi avomera. Akuti mudzakhala pamphasa ndinu, mudzalankhula ndinu."

A Felizardo adamuyang'ana nthawi yaitali.

"Wasintha mtima?"

"Asintha. Koma apempha chinthu chimodzi. Thumbalo lichoke kwa maola awiri okha. Achimwene a Tiago akuti akhoza kupinda chubucho n'kuchimanga, monga amachitira ndi paipi kudimba. Sichingadonthe ngakhale pang'ono."

"A Jordão anakana."

"Ndikudziwa. Koma a Jordão sakukwatiwa ku Chidzolomondo, amalume. Ndikukakhala ndine. Mukuwadziwa azimayi. Adzandipatsa dzina lomwe ndidzafe nalo."

"Ukuchita nane manyazi?"

"Ayi! Ine ayi. Ndikuopa apongozi anga basi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Adzafika dezi ora, teni koloko m'mawa, pofika meyudiya, dzuwa lili paliwombo, mwambo watha, mwabwerera kuno, mwalumikiza thumba lanu."

Misozi idali itayamba kulengeza m'maso mwake. A Felizardo adavula jekete, kulipinda bwinobwino, n'kuliika pabedi.

"Maola awiri."

"Awiri okha."

"Umuuze Tiago abwere ndi mphira yatsopano. Osati ya kudimba."

Lachisanu lonse a Felizardo sadamwe madzi. Adaganiza kuti chikho chosathiridwa sichidzaza.

Loweruka m'mawa adasamba, kumeta ndevu, kuvala. Tiago adafika dzuwa litangokwera, ali ndi mphira m'thumba la malaya. Adagwada, kuzula thumba lija pachubu, kupinda chubucho pawiri n'kukulunga mphira mwamphamvu, mfundo zitatu. Adachibisa m'buluku.

"Mwaona? Palibe angadziwe. Mwasanduka mnyamata."

"Alendo afika?"

"Ayi, koma kuli bwino tikonzekeretu. Ine nditanganidwa ndi mipando."

Tiago adatola thumbalo.

"Ukupita nalo kuti?"

"Ndikalitsuke, ndikalibise kwa amayi. Muno mungalowe ana. Inu khalani phee, musatuluke ndi mphepoyi. Nthawi ikakwana ndidzakutengani ndekha."

Adatuluka, kukoka chitseko.

Nyumba ya a Felizardo idali kuseri kwa nkhokwe, kumbuyo kwa nyumba ya Lucrécia. Pabwalo sankaonapo, koma zonse ankazimva. Adakhala pabedi, manja pamaondo, akubwereza mumtima mawu omwe adakonza. Sadali ambiri. Akanati, mwanayu ndi wolimbika, sadziwa bodza, mukamusunge.

Dezi ora idakwana, alendo osafika. Adamva wina akunena kuti galimoto yawo yatitimira pamlatho wina wamitengo. Pofika meyudiya, m'munsi mwa mchombo mudayamba kulemera. Adaimirira, kuyenda kuchoka pabedi kufika pachitseko, kubwerera. Adakhalanso.

Dzuwa litapendeka, kudamveka kulira kwa galimoto ndi nthungululu. A Felizardo adapukuta nsapato ndi chikhatho, kukonza kolala, n'kuima pafupi ndi chitseko. Ululu udali utafika kumsana. Thukuta linkatsika m'khosi ngakhale kunkazizira. Adadikira.

Adamva kukoka kwa mipando. Adamva pemphero. Adamva madzi osamba m'manja, mbale zikugundana. Adati mumtima, ayamba ndi chakudya chifukwa alendo atopa. Adadikirabe.

Kenaka pabwalo padakhala bata, ndipo mawu aakulu, odzikhulupirira, adamveka.

"Takulandirani, akumpanda. Ine ndine Wyson, malume wake wa Anabela, mwini wa mbumba ino. Mwanayu ndamulera ndi manja angawa."

Anthu adaomba m'manja.

A Felizardo adakankha chitseko. Sichidatseguke. Adasuzumira pampata n'kuona waya wokulungidwa pachogwirira, kunja. Adaima pomwepo kwa kanthawi, chipumi atachitsamiritsa pathabwa. Adaganiza zodula mphirayo ndi mpeni, koma popanda thumba mkodzo ukanatsikira m'buluku ndi m'nsapato. Adatenga khasu pakona, kulowetsa mpini pampata, n'kukanikiza ndi thupi lonse. Msomali udazuka.

Adayenda atawerama, dzanja limodzi pamimba, lina likugwira nkhokwe, kenaka khoma. Atatulukira pabwalo, adaona mphasa ziwiri zoyang'anizana. Anabela adali atakhala pakati pa azimayi, atavala nsalu yatsopano. A Wyson, atavala suti yotuwa, adali atatambasula manja kuti alandire tambala wofiira kwa bambo wina wa imvi, wamtali. Bamboyo adali a Gilberto, malume wa Dércio.

Woyamba kuwaona adali Lucrécia. Adadzuka msangamsanga.

"Tiago! Tiago, atenge!"

A Felizardo sadayang'ane mphasa, sadayang'ane tambala.

"Tiago," adatero. "Thumba langa."

Tiago adawagwira pamkono.

"Tiyeni kunyumba, tikakambe komweko."

"Thumba langa."

A Gilberto adabweza tambala uja pachifuwa pawo.

"Pepani, eni mudzi. Bambowa ndi ndani?"

"Musadandaule nawo," adayankha Lucrécia akumwetulira. "Ndi odwala a pamudzi pano. Timangowasunga mwachifundo. Mutu wawo sugwira bwino."

"Ndi zoona," adatero a Wyson. "Ukalamba, mukudziwa. Tipitirize, akumpanda."

"Avala jekete ngati munthu amene amayembekezera kuitanidwa," adatero a Gilberto. Adatembenukira kwa mtsikana. "Mayi, iwe ndi amene tadzera. Bambowa ndi ndani wako?"

Anabela adakoka nsalu kuphimba kumaso. Sadayankhe.

A Felizardo adamuyang'ana. Adadikira monga adadikirira m'nyumba muja. Kenaka adagwada pafumbi, n'kugwera chammbali akubuula.

A Gilberto adapatsira tambala munthu wapafupi, kufika pomwe adagwerapo n'kugwada. Adawagwira pamimba, padali pouma ngati dzungu. Adapapasa mwendo wa buluku, kumva chubu, kuchitulutsa. Ataona mphira ija adatukula maso.

"Wamanga ichi ndani?"

A Gilberto adayang'ana anthuwo mmodzimmodzi.

"Ndafunsa! Atate anga anakhala ndi chubu chotere zaka zitatu, ndinkawatsuka ndine. Ichi samanga. Wamanga nthawi yanji?"

"Mmawa," adatero Tiago ndi mawu ang'ono. "Anavomera okha."

"Mmawa! Ngakhale mbuzi sitiichita zimenezi. Azimayi, tembenukani."

Adatulutsa mpeni wodulira fodya n'kudula mphirayo mosamala. Mkodzo wakuda, wosakanikirana ndi magazi, udathovokera pansi, kuyenderera mpaka m'mphepete mwa mphasa ya alendo. Fungo lidadzaza bwalo. A Wyson adasuntha mapazi kuti mkodzowo usawakhudze nsapato.

"Thumba lake lili kuti?"

Tiago adathamangira kunyumba kwa amake. Adabwera nalo lili ndi madeya, chifukwa adaliponya m'dengu la gaga. A Gilberto adaliyang'ana n'kulitaya uko.

"Ili silingabwererenso pathupi la munthu. Dércio, uza dalaivala alize galimoto."

A Felizardo adali atayamba kunjenjemera, mano akugundana. A Gilberto adavula chikhoti chawo n'kuwafunditsa.

"Bambo, mukundimva? Dzina lanu ndani?"

"Felizardo."

"Pano ndinu ndani?"

A Felizardo adatsegula maso, kuyang'ana mlongo wawo, kuyang'ana mtsikana wophimba kumaso uja.

"Afunseni iwowo."

Mayi wina wachikulire wa pamudzipo, amene adali pakati pa ophika, adalankhula mokweza.

"Ndi mlongo wake wa Lucrécia, bere limodzi. Mwini mbumba ndi ameneyo. Ine bodza lafika pondikwana."

A Gilberto adaimirira, kusasa fumbi m'maondo.

"Tinabwera kudzafuna mkazi kubanja. Tikaona kaye ngati banjalo lilipo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nanenso ndikukalamba, ndipo mtsikanayu ndi amene adzandipatse madzi. Tengani tambala wathu, tizipita."

Adawanyamula a Felizardo anthu a ku Chidzolomondo, kuwagoneka kumbuyo kwa galimoto pa matumba opanda kanthu. Wachibale wawo sadakwere ndi mmodzi yemwe.

Masiku atatu oyamba a Felizardo sadadziwe kuti ali kuti. Thupi lidatentha, msana udawawa, madzi a m'botolo ndi mankhwala zinkalowera pamkono. A Jordão adaika chubu china ndi thumba lina. Tsiku lachinayi malungo adatsika.

"Mwabwerako, madala," adatero a Jordão akuyang'ana mtundu wa mkodzo m'thumba lomwe lidali pachitsulo cha bedi. "Wayamba kuyera. Impso zanu zakukhululukirani ulendo uno, ulendo wina sizidzatero. Ndinakuuzani chiyani ine?"

"Munandiuza."

"Ndiye?"

"Anapempha ndi mwana."

A Jordão adakoka bulangete kuwafunditsa mapazi.

Lachisanu masana kudafika Lucrécia ndi Anabela. Adabweretsa nthochi ndi botolo la thobwa. Lucrécia adakhala pabedi lopanda munthu, Anabela adagwada pasimenti.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndadzuka."

"Tikanabwera kale, koma mukudziwa mmene zinthu zinathera. Mudzi wonse ukutiloza zala. Kumpingo sindinapite. A Wyson sakuyankha foni." Adapumira. "Inunso munalakwa, achimwene. Mukanapirira pang'ono, mwambo unali utatsala pang'ono kutha."

A Felizardo adayang'ana kudenga.

"Chabwino, zapita. Madzi akatayika saoleka. Nkhani ndi iyi. A Gilberto atumiza mawu. Akuti sadzapondanso pakhomo pathu pokhapokha atawaitana mwini mbumba ndi pakamwa pake. Dércio akumufunabe mwanayu. Zonse zili m'manja mwanu."

A Felizardo adatembenuza mutu papilo.

"Anabela."

"Wawa, amalume."

"Unkadziwa?"

Mtsikanayo adayamba kulira.

"Ndafunsa."

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku lomwe munabwera kudzasintha chubu. Achimwene a Tiago atakusiyani pano, anapita kusitolo kwa a Wyson. Anagwirizana komweko."

"Ndiye ngati pamphasa panali pa Wyson, kumanga kunali kwa chiyani?"

Anabela adayang'ana amake. Lucrécia adakonza mpango kumutu.

"Tinkakudziwani, achimwene. Mukanakhala ndi thumba lanu, mukanatuluka nalo n'kudzakhala pakati pa anthu, wina afune asafune. Tinati popanda thumba simungayende. Tinkaganiza kuti mukamva kuwawa mudzamasula nokha m'nyumbamo, n'kukhala momwemo chifukwa cha buluku lonyowa. Sitinkafuna kuti mudwale. Ndani akanadziwa kuti mupirira tsiku lonse?"

"Ndinkadikira kuitanidwa."

Pabedi lakumapeto munthu wina adatsokomola.

"Anandituma ndi amayi," adatero Anabela. "Anati inu simungakanire ine."

"Ananena zoona."

"Ndikhululukireni, amalume."

"Zakuseri zija ndikanaiwala. Koma mlendo anakufunsa pamaso panga kuti ndine ndani. Unali ndi pakamwa."

Anabela adagwetsa nkhope pabedi. A Felizardo adasuntha dzanja lawo kuti lisamukhudze.

"A Gilberto anabwera dzulo," adatero. "Anakhala pomwe wakhala iwepo, Lucrécia. Ndawauza abwere Loweruka la sabata yamawa."

Lucrécia adaomba m'manja, nkhope idawala.

"Mulungu akudalitseni! Ndinadziwa ine. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Wamva, Anabela? Thokoza amalume ako. Ulendo uno mudzakhala kutsogolo, achimwene, ndi thumba lanu, palibe adzanene kanthu. Ndidzakusokerani kansalu kokongola kophimbira."

"Sindinathe."

"Nenani."

"Ndidzakhala pamphasa. Tambala ndidzalandira, mwana apite kubanja lake. Ndinamulera kuti akwatiwe, osati akalambire pakhomo chifukwa cha ine. Koma sindidzanena kuti sadziwa bodza. Ndinakonza kunena zimenezo. Ndazichotsa."

"Aa, achimwene, mawu okhawo?"

"Alendo asananyamuke, ndidzatula mbumba pamaso pawo ndi pamaso pa mudzi. Mufune wina wokuimirirani pamaliro, pamilandu, pamaukwati. Ine ndikakhala kudimba kwanga. Tiago asadzapondeko."

"Simungatero! Anthu adzati chiyani? Munthu wodwala kukhala yekha kudambo? Adzakutengerani ndani kuno mwezi ndi mwezi?"

"Minibasi ya shapa imadutsa pamsewu."

"Achimwene, tinabadwa awiri. Tinathawa nkhondo limodzi, tinabwerera limodzi. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Unati ndine wodwala wa pamudzi."

"Linali tsiku limodzi!"

"Linakwana."

Adadzuka pang'onopang'ono, kutsitsa miyendo pansi, kufunafuna nsapato ndi zala za kumapazi. Thumba lidali litadzaza. Anabela adapukuta misozi msanga n'kutambasula manja onse awiri kuti alimasule pachitsulo.

"Ndikakhuthule ndine, amalume. Chonde."

"Siya."

Adalimasula okha, kuligwira m'munsi mwa chiuno, n'kuyamba kuyenda pakati pa mabedi kulowera kukhomo. Atafika pakhomo adaima, osatembenuka.

"Nthochizo mupatse bambo wa pabedi lakumapetoyo. Alibe womuyendera."